Kamphuno ka pa Chikwama cha Mwana Wanga

Mwana wanga anabadwa ndi mphumu. Ndili naye mmodzi yekhayo, mtsikana, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Matendawo akamugwira, chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'katoni, mapewa n'kumakwera ndi kutsika, maso ali pa ine ngati kuti mpweyawo ndaubisa penapake. Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo yogulitsa zitsulo, ndipo kangapo konse ndasiyapo diresi la mwini singano ili chibayire, n'kuthamangira kuchipatala nditabereka mwana amene miyendo yake inkandifika m'mawondo.

Tsiku lina titapita kukatenga mankhwala ake opopera mkamwa, anesi anatiitanira m'kachipinda kawo. Anatulutsa kachipangizo kotuwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kokhala ndi timabowo kutsogolo ndi kokolekera kumbuyo.

"Aka kamanunkhiza mpweya," anatero anesiwo. "Tikupereka kwa ana makumi awiri kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mukakoleke pa chikwama chake cha kusukulu. Kulikonse kumene apite, kazilemba kuchuluka kwa utsi ndi fumbi limene akupuma, ndipo kakayandikana ndi foni yanu kazitumiza zonsezo. Mukaona zobiriwira ndiye kuti mpweya uli bwino. Zachikasu, chenjerani. Zofiira, chokanipo."

"Ndiye kali ndi mphuno?" anafunsa mwana wanga.

"Kali nayo, yoposa yakoyo."

Kuyambira pamenepo tinkangokatchula kuti Kamphuno.

Masabata oyambirira Kamphuno kanali ngati mlendo wanthabwala pakhomo. Tinkayenda nako m'chipinda chathu chimodzicho, ine foni kumanja, mwana Kamphuno kumanja, kufunafuna pamene pafiire. Ndikayatsira mbaula m'nyumba, foni inkafiira. Koyilo ya udzudzu, kufiira. Kusesa osawaza madzi, kufiira. Tsiku lina a landilodi, amene ndudu siichoka pakamwa, anaima pakhomo kundiuza za mpopi wowonongeka, ndipo mwana anakuwa ali m'kati, "Amayi, a landilodi afiira!" Mkuluyo anadzigwira kumaso, ine n'kumaluma milomo kuti ndisaseke.

Ndinasintha zambiri. Ndinayamba kuphikira panja, ndinagula neti n'kusiya makoyilo, ndinakangana ndi aneba mpaka anasiya kuwotcha mapulasitiki pansi pa windo lathu. Mizere ya pafoni inayamba kubiriwira m'mawa ndi madzulo. Koma panali malo amodzi amene sankasintha. Tsiku lililonse la sukulu, kuyambira 2 koloko mpaka cha m'ma 3, mzerewo unkafiira kwambiri, kufiira kochita kudera ngati magazi ouma.

"Ukaweruka umadzera kuti?" ndinamufunsa.

"Kumsewu waukulu, amayi. Ndi malole aja."

"Kuyambira mawa uzidzera kuseri kwa tchalitchi."

Anavomera, koma mzere sunasinthe. Ine foni ndimaidziwa poimba ndi polandira zithunzi za masitayilo basi. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wogwira ntchito kubanki amene ndinkamusokera siketi. Ataona ndikuyang'anitsitsa foni, anati, "Dinani pofiirapo, masiteni, kakuonetsani malo ake." Ndinadina. Panatuluka mapu, ndipo kadontho kanali kuseri kwa msika, pamzere wa magalaja. Ndinadinanso tsiku lina, kadontho kali pomwepo. Masiku onse, pomwepo.

Sindinafunikire kufunsa munthu. Pamalo pamenepo ndi pamene bambo ake ankapopera penti magalimoto. Anthu onse kumeneko ankangowatchula kuti a Penti. Tinali titasiyana zaka zitatu m'mbuyomo, atapeza mkazi wina wogulitsa mayunitsi a foni. Ine ndinatenga mashini anga ndi mwana n'kuchoka. Mkazi uja sanakhalitse nawo ngakhale chaka, ndipo iwo anabwera kawiri kudzapepesa, ine osatsegula chitseko. Mwana ndinamuuza kuti phazi lake lisadzaponde kugalajako. Ndisaname kuti ndinkaganiza za chifuwa chake pamene ndinkamuletsa. Ndinkaganiza za mtima wanga.

Mawa lake 2 koloko itakwana ndinavindikira mashini n'kupita. Galajayo inali shedi ya malata, mbali imodzi yotchingidwa ndi lona lakale. M'kati munali minibasi yomatidwa manyuzipepala m'mawindo, ndipo kompuresa inkalira pakona. Fungo la thina wosungunulira penti linandilandira ndikadali pamsewu. Ndinaima kuseri kwa lona n'kusuzumira.

Mwana wanga anali atakhala pa chidebe cha penti chovundikira, kope lili pamiyendo, kumanja kuli chivindikiro cha fulasiki chodzaza tiyi. Bambo ake anali atamutchingira ndi katoni yaikulu ya firiji, ngati kuti fungo limaopa katoni. Iwo ankakwecha chitseko cha minibasi ndi sandipepala, kukamwa atamanga mkono wa malaya akale.

"Adadi, seveni taimusi eyiti."

"Aa, zophweka izo, amayi anga. Handiredi."

"Mwalakwa! Fifite sikisi!"

"Ndimakuyesani dala."

Bambo akewo anamutcha mwanayo dzina la mayi awo, ndiye chibadwire ankamuitana kuti amayi anga, ndipo sankamunena kuti iwe. Mwana anaseka mpaka tiyi anatayikira pa yunifomu. Kuseka kwa mtundu umenewo kunyumba ndinali ndisanakumve kwa nthawi yaitali, ndipo kunandipsetsa mtima kuposa bodza lake lija. Ndinakankha lona n'kulowa.

Mwana anaimirira, kope n'kugwa. Bambo ake anatsitsa kansalu kaja. Apa m'pamene ndinaona mmene anaondera. Ovolosi inkangolendewera ngati ili pa hang'ala.

"Mayi a mwana," anatero, "takulandirani."

"Musandilandire. Mukufuna kundiphera mwana?"

"Mwana ndi wanganso. Amangokhala apa ola limodzi, ndipo ndikamapopera ndimamuuza akhale kuseri kwa katoniyo."

Ndinamasula Kamphuno pachikwama, n'kuwapatsa pamodzi ndi foni. Ndinawafotokozera mmene anesi anandifotokozera, koma mokalipa. Anayamba ndi kuseka. "Ndiye foni yayamba kununkhiza tsopano? Mawa iyamba kutiuza za ndiwo." Koma anatenga. Anakaima kuseri kwa katoni kuja, pamene mwana ankakhala. Foni inali yofiira. Anapita pakhomo, yofiirabe. Anawoloka msewu mpaka pa wogulitsa matayala, n'kuima kumeneko kanthawi. Pobwera anali asakusekanso.

"Uko yachita chikasu," anatero. Kenako anagunditsa Kamphuno pachifuwa cha ovolosi yawo, yokhuthala ndi fumbi la penti, n'kuigwedeza pang'ono. Nambala inakwera tonse tikuona. "Ndiye kuti utsiwo ndi ine ndemwe."

Anatsokomola nthawi yaitali atagwira bampala ya minibasi. Atamaliza anandibwezera zinthu zanga osandiyang'ana, n'kutembenukira kwa mwana.

"Amayi anga, musadzabwerenso kuno."

"Adadi, sindimabanika ndikakhala kuno. Afunseni ankolo owotcherera aja."

"Musadzabwerenso."

"Ndizikhala panja."

"Iwe! Ndati usadzabwerenso! Kuno n'kuntchito, si kosewerera ana. Nyamula chikwama chako uzipita."

Mwana anawayang'ana ngati amumenya mbama. Anatola kope lake, n'kutuluka osalira. Analirira m'njira, ali patsogolo panga, osafuna kuti ndimugwire dzanja. Nditacheuka ndinaona bambo ake ataima pakhomo la shedi, sandipepala ikadali kumanja.

Kunyumba kunalowa zii. Ndikamufunsa kanthu ankayankha kuti eya kapena ayi. Kamphuno sankakatchulanso dzina, ankangoti chinthu chanucho. Koma foni inabiriwira. Madzulo aliwonse ndinkayang'ana ola lija la 2 koloko n'kupeza mzere wosalala, wobiriwira ngati msipu. Ndinkadziuza kuti akwiye bwanji, bola akupuma. Zinakhala choncho masabata atatu.

Lachinayi lina masana ndikudula nsalu ya makatani, foni inalira. Anali bambo wowotcherera zitsulo, woyandikana ndi galaja ija.

"Mayi, thamangirani kuchipatala. Mwana wakomoka. A Penti amunyamula."

Zimene zinkachitika ndinazimva pambuyo pake. Mwana akaweruka ankapatsa Kamphuno mnzake wina wokhala kumtunda, kumene kulibe magalimoto, n'kukakatenga pobwerera. Ndikanadina pa mapu ndikanadziwa, koma munthu sufufuza zinthu zikakhala zobiriwira. M'galaja sankalowa, poopa kukalipiridwanso. Ankazungulira kuseri kwa shedi, kumene lata lina linabooka, n'kumasuzumira bambo ake akugwira ntchito. Bowo limenelo analiboola dala kuti muzitulukira mpweya wa penti akamapopera. Mwana wanga ankaika nkhope yake pamenepo tsiku ndi tsiku. Tsiku limenelo bambo ake ankapopera lole. Amene anamuona atagwa m'ngalande ndi mayi wina wodzataya madzi.

Ndinamupeza ali pabedi, kumaso atamuveka chopumira, milomo itatuwa. Bambo ake anali m'khonde, ovolosi ili yonyowa ndi thukuta, akupuma movutika kuposa mwanayo, chifukwa anathamanga naye kuchoka kugalaja mpaka pamsewu waukulu. Atafuna kulowa, anesi a m'wodimo anawaletsa.

"Bambo, pepani, fungo la zovala zanuzi libanikitsa ana onse muno. Dikirani panja."

Sanatsutse. Anatuluka n'kukaima pa kapinga, moyang'anizana ndi windo, mpaka nthawi yoona odwala inatha.

Mawa lake anabwera atavala malaya oyera osita bwino. Manja anali atawakwecha mpaka kusupuka, komabe penti yabuluu inali m'zikhadabo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa chili pamaondo.

"Amayi anga, mwadzuka bwanji?"

Mwana anatembenukira kukhoma. Kenako anati, "Munanditchula kuti iwe."

"Ndinalakwa. Pakamwa panaterereka."

"Munandithamangitsa ngati galu."

"Ndinatero. Ndinkafuna kuti mudane nane pang'ono, kuti musabwerenso. Koma inu ndinu amakani ngati amayi anu enieniwa."

Mwana anaseka pang'ono m'chopumira muja, kenako analira. Ine ndinatuluka kukatsuka kapu imene inali yotsuka kale.

Atatuluka m'wodi ndinawadikira m'khonde. Ndinawauza kuti Lamlungu masana azionana naye, koma osati kugalaja, ndiponso osati kuchipinda chawo, chifukwa ndinkadziwa kuti zitini za penti amasunga pansi pa bedi. Anangogwedeza mutu kangapo, chipewa akuchipotokola. Anesi aja anali atamva chifuwa chawo, ndipo tisanasiyane anawalembera kapepala koti akajambulitse.

Malo okumanira anatisankhira ndi Kamphuno. Lamlungu loyamba tinayenda atatu, mwana patsogolo atanyamula foni. Pa benchi ya pafupi ndi depoti, pofiira. Pa bwalo la mpira, fumbi lokhalokha. Tinakwera mpaka pa kaphiri pamene pali thanki yaikulu ya madzi, ndipo pamenepo, pansi pa mtengo, foni inabiriwira. Bambo ake anapumira katatu pokwera. Ankanamizira kumanga zingwe za nsapato.

Ankabwera ndi buledi ndi fulasiki ija. Poyamba ine ndinkakhala patali, pa maziko a thanki, n'kumapinda mipendero ya masiketi ndi singano yamanja. Iwo awiri ankachita masamu, kapena kuwerenga magalimoto odutsa kumunsi, bambo n'kumaloza, "Iyo yofiirayo ndinapopera ine. Iyo yoyerayo anapopera munthu wopanda chisoni." Lamlungu lachitatu anandithirira tiyi m'chivindikiro, ndipo ndinalandira. Lamlungu lachinayi ndinakhala nawo pansi pa mtengo.

Tsiku limenelo mwana atapita kukathamangitsa ziwala, bambo ake anatulutsa envelopu m'thumba la malaya.

"Zotsatira zija zinatuluka. Akuti mapapo anauma ngati siponji yakale. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikumeza penti, ndimayesa ikupita kuti?"

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti ndisiye ntchito."

"Siyani."

"Ndisiye ndizikatani? Dzanja langali silidziwa china. Ndiponso adokotala ake ankalankhula akuyang'ana pawindo. Munthu akamakuuza kuti usiye ntchito akuyang'ana pawindo, umadziwa kuti kusiya ndi kusasiya n'chimodzimodzi." Anabweza envelopu m'thumba. "Amayi angawa musawauze."

Sabata imeneyo ndinawasokera zotchinga kukamwa zinayi, za nsalu zitatu zophatikiza, zingwe zake zolimba. Anesi anali atandiuza kuti nsalu siitchinga thina, kuti pamafunika chigoba chenicheni chokhala ndi zosefera, ndipo chimenecho ndinapempha mwini sitolo ya zitsulo kuti awaitanitsire. Koma manja anga ankafuna kuchita kanthu. Nditawapatsa, anazitembenuza uku ndi uku n'kuyang'ana msoko.

"Msoko wanu sunasinthe," anatero. "Wowongoka ngati mawu anu."

Tinakumana pa kaphiripo Lamlungu lililonse, kasanu ndi kanayi. Lamlungu lachikhumi sanabwere. Tinadikira mpaka mthunzi wa thanki unafika pamtengo, mwana akuyang'ana njira, foni yawo ikungoitana. Ndinamusiya mwana kwa aneba n'kupita kuchipinda chawo. Aka kanali koyamba kulowamo. Ndinawapeza atakhala pansi atatsamira bedi, atavala kale malaya oyera aja, nsapato imodzi kuphazi. Buledi anali patebulo, m'pepala lake. Anati anawerama kuti avale nsapato yachiwiri, mpweya n'kuwathawa.

Anawagoneka m'wodi ya odwala chifuwa, kumene ana saloledwa, makamaka mwana wa mphumu. Ndinkapita m'mawa ndi masana, ndipo masanawo ndinkaimbira foni ya aneba kuti alankhule ndi mwana akaweruka. Mawu awo anali atatsala ochepa, ankatuluka awiriawiri. Ndiye mwana ndi amene ankalankhula. Ankawauza za aphunzitsi amene anagwa pa mpando, za mnzake amene anameta moseketsa, ndipo iwo ankangomvetsera foni ili pa pilo, maso ali otseka. Tsiku lina anawauza kuti wakhoza mayeso a masamu, wachitatu m'kalasi.

"Wachitatu?" anatero. Anapuma. "Awiriwo... anabera."

Ndinamva mwana akuseka mbali inayo. Bambo ake anamwalira Lachitatu m'mawa, ine ndikuwapukuta kumaso ndi kathaulo. Chigoba chija chinafika kusitolo sabata yotsatira. Ndinakachipereka kwa bambo wowotcherera uja kuti apatse amene adzalowe m'shedimo.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana tinabweza Kamphuno. Anesi anatsegula zolemba zake pa kompyuta, nkhope yawo n'kuwala.

"Mayi, mwa ana onse makumi awiri, wanuyu ndiye wasintha kwambiri. Taonani, miyezi itatu yapitayi palibe kufiira, ndipo sanagonekedweko. Mwachita bwanji?"

Sankadziwa. Anali anesi a ana, za kuwodi ya akuluakulu sizinkawafika. Anatenga fomu n'kuwerenga funso lomaliza, lofunsa zimene tasintha pakhomo chifukwa cha kachipangizoka.

"Lembani kuti tikuphikira panja," ndinatero.

Analemba, n'kumupatsa mwana switi. Iye anathokoza mwaulemu n'kuiika m'thumba.

Tinayenda wapansi kubwerera kusitolo. Titadutsa pa sitolo ya mankhwala, mwana analankhula osandiyang'ana.

"Amayi, mukanadziwa kuti adadi atsala ndi miyezi inayi, mukanandiletsabe kupita kugalaja?"

Ndinafuna kumunamiza, koma anali atanamizidwa mokwanira, ndi ine komanso ndi bambo ake.

"Ndikanakuletsabe."

"Ndimadziwa."

"Koma za Lamlungu zija ndikanaziyamba kalekale. Pamenepo ndiye ndinakulakwira, iwe ndi iwo omwe."

Tinawoloka msewu, ndipo pakati pa msewupo anandigwira chigongono, monga amachitira magalimoto akachuluka, koma titafika tsidya linalo sanachisiye msanga.

Pakhonde la sitolo tinapeza mayi wina akundidikira ndi nsalu ya diresi la ukwati wa mng'ono wake, akudandaula kuti wakhala pamenepo ola lathunthu ndipo ukwatiwo ndi Loweruka. Ndinapepesa n'kuvundukula mashini. Mwana anaika chikwama pansi, anatenga tepi, n'kugwira mbali imodzi paphewa la mayiyo, ine ndikuwerenga manambala.